Kukwera Munali pa Njinga

Kuchoka m'tauni ya Kafue kukafika ku Mazabuka pali mtunda wa makilomita ngati 80. Basi imaumeza mtundawu okweramo asanatope n'kukhala, koma pa njinga yakapalasa ndi ulendo wonyamuka nkhuku zikutsika, n'kukafika dzuwa litapendeka. Msewu wake umawoloka mtsinje wa Kafue, umakwera mapiri a Munali, kenaka umatsetserekera ku minda ya nzimbe. Ku France, ku Italy ndi ku South Africa maulendo otere ndi malonda aakulu: alendo amalipira ndalama zambiri kuti apalase njinga m'timisewu ta m'mapiri, pakati pa minda ya mphesa, akuima apo ndi apo kulawa vinyo. Dera la Kafue si la mphesa, chifukwa mvula ya kuno imagwa m'nyengo yotentha, nthawi imene mphesa zimafuna kouma kuti zipse osaola. Komabe mapiri alipo, minda ilipo, ndipo opalasa njinga ndi ambirimbiri, kungoti palibe amawatcha alendo poti anyamula makala, mkaka ndi matumba a ufa. Chimene ulendowu umaphunzitsa n'chakuti ubwino wa msewu umadziwika ndi wapanjinga. Msewu umene ukuzunza wonyamula makala sungakope mlendo wodzaona malo, ndipo dziko lofuna alendo opalasa liyenera kuyamba lasamala opalasa ake omwe.

Kafue ndi tauni imene boma linaikulitsa mwadala. Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti dziko lizidzipangira lokha feteleza ndi nsalu, ndipo pano panali madzi, njanji ndi magetsi pafupi. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, ya Kafue Textiles inalemba anthu ochuluka, antchito n'kuwamangira nyumba ku Kafue Estates. Malonda atatsekulidwa m'ma 1990, salaula, amene kwathu timati kaunjika, anagwetsa nsalu za pano monga anafooketsera David Whitehead ku Blantyre. Malipiro a pamwezi atasowa, anthu anatembenukira ku geni, ku dimba ndi ku maganyu, ndipo zonsezi zimayenda pa keliyala. N'chifukwa chake wokonza njinga amalawirira ntchito m'tauni muno. Pansi pa mtengo waika beseni la madzi akuda, amamiza chubu pang'onopang'ono mpaka tithovu titaulula pamene paboola munga, amapala pamalopo, amapaka soloshoni, n'kudikira kuti aume asanamate chigamba chodula ku chubu chakale. Moni wake ndi "Mwauka bwanji, bakamba?" pomwe ku Lilongwe akanati "Mwadzuka bwanji, madala?" Mtengo amautchula m'mapini. Boma linachotsa maziro atatu pa kwacha mu 2013, koma pakamwa pa anthu K5 ikadali "faifi pini". Mmalawi wozolowera masauzande amayamba waona ngati zonse n'zotchipa, mpaka atasinthira mtengowo m'kwacha ya kwawo, apo m'pamene amasiya kuitanitsa mwachisawawa.

Kum'mwera kwa tauni msewu umayenda m'tsinde mwa zitunda mpaka pa mlatho. Mtsinje pano ndi wotakata ndi wodekha, m'mbali mwake mwadzaza namasupuni yemwe uja wavutitsa Shire ku Liwonde, ndipo amayi amakweza m'mwamba nsomba zomanga pa chingwe kuti oyendetsa magalimoto aone. Woima pano ndi njinga yake amatha kuwerenga zinthu zimene zimadutsa. Kumtunda kwa mtsinje kuli mlatho wa njanji wa mu 1906, wotalika mamita oposa 400, umene unamangidwa kuti sitima ikafike ku mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe. Mlatho woyamba wa msewu zitsulo zake zinayamba zagwira ntchito pa mtsinje wa Thames ku London pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, bungwe la Beit Trust n'kuzibweretsa kuno mu 1949. Umene ukugwira ntchito lero unamangidwa m'ma 1990 ndi thandizo la Japan. Ku Iolanda, mapampu amakoka madzi opita ku mipopi ya ku Lusaka. Kumunsi, mtsinje ukalowa m'chigwa chopanikizana, malo opangira magetsi a Kafue Gorge amatulutsa mamegawati 990, ndipo atsopano a m'munsi mwake, amene anamalizidwa mu 2023, amawonjezera 750. Madzi, magetsi, kopa ndi shuga zili ndi njira zake zokonzedwa bwino zopitira kutali. Wa m'mudzi wa m'mbali mwa msewu, amene ulendo wake ndi wa kuchigayo kapena kuchipatala, palibe anamuwerengera. Msewuwu uli ngati nsima yophikira alendo, eni nyumba n'kutsala ndi nkhoko za mumphika.

Ukawoloka mlatho walowa m'chigawo cha Kum'mwera, ndipo posakhalitsa umafika pa mphambano ya Turnpike. Wolunjika amatsikira ku Chirundu ndi ku Harare. Wokhotera kumanja walowa msewu wa T1 wopita ku Mazabuka, Choma ndi Livingstone. Pano pali fungo la dizilo losakanikirana ndi la nyama ya mbuzi yowotcha imene amati michopo. Pali vitumbuwa, pali tute, chimene ndi chinangwa chowotcha chodyera ndi mtedza, ndiponso mabotolo a maheu ozizira m'ndowa. Kuneneerera mtengo kulipo, koma wogulitsa wa kuno sachita manyazi kukuuza kuti wachepetsa kwambiri, pomwe wa kwathu amayamba waseka kaye, n'kudandaula za ana kunyumba. Chiyambire kutsekulidwa kwa mlatho wa Kazungula mu 2021, mathiraki ambiri a pakati pa migodi ya Copperbelt ndi Congo ndi madoko a ku South Africa amadzera njira ino. Thiraki likamabwera kumbuyo limaliza hutala patali, ndipo tanthauzo lake wapanjinga aliyense amalidziwa: tsika pa phula. Pamene m'mphepete mwa msewu mwadyeka, kutsikako ndi kugwera pa miyala yoterera uli ndi katundu, mphepo ya thiraki ikukukankha kenaka n'kukukoka. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiyo ikuvutika koposa. Chiwerengerochi chimamveka bwino ukachikumbukira uli pakati pa tayala la thiraki ndi ngalande.

Chitunda cha Munali chimayamba mwaulemu, kenaka chimaonetsa khalidwe lake. Msewu umakhotakhota pakati pa mapiri a miyala ndi mitengo yothothoka masamba m'chilimwe, ndipo malole olemedwa amakwawa moti nthawi zina wapanjinga wopanda katundu amayenda nawo limodzi. Amene adziwa chikweza cha Thabwa pochoka ku Chikwawa, kapena cha Golomoti, sangadabwe, chifukwa cha Munali n'chachifupi kuposa izo. Chovuta n'kuchuluka kwa magalimoto aakulu. Apa m'pamene umakumana ndi eni msewu enieni. Mwamuna wamanga matumba a makala, amene kuno amati malasha, ena pa keliyala, lina pakati pa felemu, mpaka chishalo sichikuonekanso. Sakupalasa. Dzanja limodzi lili pa handulo, phewa latsamira katundu, mapazi a m'nkhwaira akukanda miyala. Potsika ndiye pamavuta kwambiri, pakuti mabuleki a ndodo sangaimitse katundu wotere, ndipo munthu amabwerera chambuyo ndi thupi lonse kuti njinga isamuthawe. Wina anganene kuti kupalasa mongosangalala pamaso pa munthu wotere ndi chipongwe, kuti wa njinga ya magiya ndi chipewa cholimba akusewera ndi chinthu chimene mnzake akufa nacho. Mawu amenewa ali ndi choona chake, ndipo mlendo wojambula wamakala osapempha ndi wamwano ndithu. Koma taganizirani njira ina imene mlendoyo akanatenga. Akanakhala m'galimoto, magalasi otseka, ndipo wamakala akanakhala chopinga choimbira hutala. Pa njinga awiriwa amapuma pa mthunzi umodzi, amabwerekana pampu, ndipo thiraki limawathamangitsa onse mofanana. Wa magiya uja ali ndi mawu amene amamveka m'maofesi. Akalawako mantha a m'mphepete mwa phula, dandaulo la wamakala limapeza womunenera.

Pamwamba pa mapiri pali chikumbutso cha miyala chosonyeza malo amene David Livingstone anaonera mtsinje wa Kafue mu Disembala 1855, ali pa ulendo wochoka ku mathithi a Mosi-oa-Tunya kupita ku Quelimane. Anali ndi Amakololo oposa 100 amene mfumu Sekeletu inamupatsa, ndipo Amakololo ena amene anadzayenda naye pambuyo pake ndiwo anakhazikika ku Chikwawa n'kukhala mafumu, monga Kasisi ndi Katunga. Gululo linadzera m'njira za anthu, likudya chakudya cha m'midzi ndi kufunsa eni dera kumene kuli madooko. Poyang'ana kumpoto ndi kumadzulo pamaoneka dambo lalikulu la Kafue Flats, ndipo munthu amamvetsa chifukwa chake njanji inakana kukwera phiri, n'kuzungulira m'munsi kudzera ku Nega Nega ndi Lubombo. M'mapiri omwewa muli mgodi wa nickel umene unatsekulidwa mu 2008, n'kuima mitengo ya pa msika wa dziko lonse itagwa, n'kudzayambanso mu 2019. Mwala wa chikumbutso, njanji ndi mgodi zikunena chimodzimodzi: zolembedwa ndi zomangidwa m'mapiri ano zimatsata wodutsa ndi katundu wopita kunja. Koma tinjira timene timalumikiza midzi ndi zitsime, masukulu ndi madibu a ng'ombe tinalipo kale mapu asanajambulidwe, ndipo lero tikusamalidwa ndi mapazi, ziboda ndi matayala a njinga basi.

Wofuna kuona bwino dera lino asiye phula, akhotere kumanzere m'misewu yopita cha ku Chikankata, kumene a Salvation Army ali ndi chipatala ndi sukulu kuyambira m'ma 1940. Chinyanja chimachepa, Chitonga chimatenga malo, ndipo si Chitonga cha ku Nkhata Bay. Moni wa m'mawa ndi "Mwabuka buti?", yankho lake "Kabotu", ndipo pothokoza amati "Twalumba". Wongofuula funso ali pa chishalo amayankhidwa mwachidule. Wotsika, n'kupereka moni kwa baama kapena bataata, amalongosoleredwa njira yonse ndi mitengo yake yomwe. Safunsa anadya phula, koma kuno kafunsidwe nakonso kali ndi mwambo wake. Pakhomo amakupatsa chibwantu, chakumwa cha chimanga chosinja mwa misere, chophika ndi mizu ya munkoyo. Kwathu thobwa timamwa, chibwantu umamwa ukutafuna, ndipo kapu imodzi imakufikitsa kutali kuposa botolo la zozizira. Chuma cha Atonga ndi ng'ombe, motero m'mawa misewu ya fumbi imadzaza zitini za mkaka zomangirira pa keliyala, zikuthamangira kumalo oziziritsira dzuwa lisanakwere. Pano ndi pamene tiyankhire amene amati dziko losauka liike ndalama zake pa msewu wa mathiraki, poti ndiwo umabweretsa ndalama zakunja. Palibe akukana kuti kopa ndiye msana wa chuma cha Zambia. Koma mkaka ukachedwa panjira umasasa, n'kukanidwa pa sikelo, ndipo banja lataya ndalama za tsikulo. Kalavati imodzi pa kamtsinje kodula njira m'dzinja, kapena kampata kowonjezera m'mbali mwa phula, mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa msewu wonse, pomwe oupindula ndi ambiri tsiku lililonse. Ndiponso woyendetsa thiraki amayenda mtima uli m'malo ngati apanjinga ali ndi kwawo koyenda.

Ena amati njinga ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo chitukuko n'kuisiya. Amaloza njinga zamoto zimene zalanda kabaza m'matauni a ku Malawi ndipo zadzaza ku Chipata, tauni imene kale inatchuka ndi njinga za Eagle zopangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries. Zoonadi mayi wodwala safuna kugwedezeka pa keliyala maola atatu ngati pali chofulumira, ndipo palibe wanzeru angatamande kuvutika. Koma njinga yamoto imamwa petulo, petulo amagulidwa ndi madola, ndipo Amalawi amene agonapo pa mizere ya mafuta akudziwa mmene zimathera madola akasowa. Zambia ndi Malawi onse alibe doko, dontho lililonse la mafuta limachokera kutali. Njinga yakapalasa imayenda ndi nsima, ndipo wokonza wake ali pa msika uliwonse. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linaona zimenezi n'kupanga njinga ya Buffalo, yolemera, yopanda zokongoletsa, ya keliyala yonyamula makilogalamu 100. Lero ikupezeka m'midzi ya maiko onse awiri, kwa alimi, ana a sukulu ndi alangizi a zaumoyo. Komanso dziko la Netherlands, lomwe ndi lolemera, lili ndi njinga zambiri kuposa anthu. Njira zake za njinga zinakula m'ma 1970, makolo atakwiya ndi imfa za ana pamsewu, mafuta atakweranso mtengo mu 1973. Anthu a kumeneko sanasiye njinga atalemera, chifukwa boma linaipatsa malo. Chochititsa manyazi pa wapanjinga wa ku Munali ndi fumbi limene amamwazidwa ndi ngalande imene amakankhidwiramo, ndipo zimenezi n'zotheka kukonza.

Kutsidya kwa mapiri dziko limatambasuka. Kumabwera mafamu aakulu a tirigu, soya ndi ng'ombe, makina othirira ozungulira, ndi munda wa khofi wodziwika ndi dzina la Munali. Kenaka, poyandikira Mazabuka, kubiriwira kwa nzimbe za ku Nakambala kumayamba, ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene kwina konse kwauma, chifukwa madzi ake amapopedwa ku Kafue. Wochokera ku Nchalo kapena ku Dwangwa amaona ngati wafika kwawo, ndipo sanalakwe kwenikweni: kampani ya Illovo, imene inagula Zambia Sugar mu 2001, ndi yomweyo ya minda ya kwathu. M'nyengo yodula, utsi wa nzimbe zotenthedwa umakwera, timaphulusa takuda timagwa pa malaya, ndipo odula, ambiri a iwo ochokera kutali kudzagwira ntchito ya nyengo, amatuluka m'munda ali bii. Wina afunsa: kodi mlendo angalipire kudzaona nzimbe, popanda tambula ya vinyo kumapeto kwake? Tiyambe takumbukira kuti minda ya mphesa nayo ili ndi mbiri yowawa. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, minda yake inakula ndi thukuta la akapolo, ndipo mchitidwe wolipira antchito ndi vinyo unaletsedwa m'ma 1960 koma unapitirira mpaka m'ma 1990. Amalawi amene akugwira ntchito m'mafamu a kumeneko lero akudziwa mbali imene mlendo saonetsedwa. Chimene madera a mphesa a kumeneko, monga Stellenbosch ndi Franschhoek, amagulitsa kwenikweni ndi njira yabata, zikwangwani zolozera, malo opumira ndi munthu wofotokoza za mbewu yake. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa yasonyeza kuti tiyi naye amakopa alendo. Khofi wa ku Munali, chibwantu, chambiko chimene kuno amati mabisi, ndi nsomba za mu Kafue n'zokwanira kudzaza tsiku la mlendo, ndipo ndalama yake ingatsale pa kantemba ndi pakhomo la mlimi, osati pa geti la kampani pokha.

Ku Mazabuka ulendo umathera pa mbale ya nsima. Amakufunsa ngati ukufuna ya bulekifasi kapena ya rola, monga kwathu tisiyanitsa ufa woyera ndi mgaiwa, ndipo ndiwo ndi nyama ya ng'ombe, kapenta, kapena chibwabwa chotendera chimene ife timati nkhwani. Amakuthirira madzi osamba m'manja, ndipo akamva kuti wachokera ku Kafue pa njinga, amafunsa ngati basi inakusiya. Funsoli likusonyeza mmene tonse, kuno ndi kwathu, tazolowerera kuganiza kuti wopalasa mtunda wautali wachita kusowa pogwira. Boma la Zambia linatulutsa ndondomeko ya oyenda pansi ndi apanjinga mu 2019, kutanthauza kuti mfundoyi inavomerezedwa kale pa pepala. Chotsala ndi ntchito yooneka: mpata wa phula wokwanira njinga yonyamula katundu pa chitunda cha Munali, kuchepetsa liwiro pa misika ndi pa masukulu, makalavati m'misewu ya fumbi yopita ku malo olandirira mkaka, ndi kukonza m'mphepete mwa msewu musanadyeke. Zonsezi zichitike chifukwa cha wamakala, wamkaka ndi mwana wa sukulu, pakuti iwo adzakhalapobe ngakhale mlendo asabwere. Akadzabwera, adzapeza njira yokonzeka. Ife a ku Malawi tisaone ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, pa chikweza cha Thabwa ndi pa msewu wa Salima, wapanjinga amatsika pa phula akamva hutala chimodzimodzi. Nduna ndi mainjiniya akamalandira msewu watsopano kwa kontilakitala, pakhale wina pakati pawo woupalasa ndi thumba la chimanga kumbuyo, thiraki likumudutsa, ndipo asainire pokhapokha iye atavomera.